Adyo, chammwamba ndi matumbo a nkhuku za nyama

Mwanapiye wa nkhuku za nyama amalowa m'khola akulemera magalamu 40 kapena 45, ndipo pakatha masiku 35 mpaka 42 timafuna akhale atadutsa makilogalamu 2. Nyama yonseyo imachokera ku chakudya chimene matumbo akwanitsa kuyamwa. Zimene matumbo alephera kuyamwa zimathera mu utuchi, ngakhale munazigula ndi ndalama zomwezo.

N'chifukwa chake alimi ambiri kuno ku Lilongwe, kuyambira wa kakhola ka anapiye 50 kuseri kwa nyumba ku Area 25 mpaka woweta zambirimbiri cha ku Mitundu, ayamba kufunsa ngati adyo, jinja, chammwamba, nimu ndi alovera zingathandize matumbo a nkhuku zawo. Ena amasinja n'kuthira m'madzi akumwa, ena amagula timapaketi ta ufa m'mashopu a zaulimi. Funso lawo ndi lomveka. Chakudya ndicho chimadya ndalama zambiri pa ulimiwu, ndipo ogula ambiri safuna nkhuku yokulira mankhwala.

Kuona kwathu n'kwakuti zomerazi zimathandizadi, koma pang'ono, ndipo zimathandiza matumbo amene anayamba bwino kale. Zomera zimene zimamanga kapena kuwononga matumbo kwambiri ndi zimene zadzaza thumba: chimanga, soya ndi madeya. Kasupuni ka adyo kamabwera pambuyo pa zimenezo.

Njira imene chakudya chimayenda

Nkhuku ikameza, chakudya chimayamba chaima m'chithokomiro, mmene chimanyowa n'kufewa. Muli mabakiteriya abwino a mtundu wa Lactobacillus amene amachisasitsa pang'ono. Kenako chimatsikira m'kachifu kakang'ono kotulutsa asidi, n'kulowa mu nthutumba, chigayo cha nkhuku. Chikaperedwa chimapita m'matumbo aang'ono, amene ali ndi zigawo zitatu. Chigawo choyamba n'chopindika, ndipo pakati pa kupindikako pagona kachiwalo kotuwa kotchedwa pancreas, kamene kamatulutsa timadzi togaya mapuloteni, sitachi ndi mafuta. Ndulu imathiranso pomwepo. Kumapeto kuli timatumba tiwiri totsekeka, totchedwa caeca, mmene mabakiteriya amawoletsa zotsala n'kupanga timaasidi todyetsa khungu la matumbo. Ulendo wonse ndi wa maola pafupifupi 4 mpaka 6. Nthawiyi ndi yochepa, choncho matumbo ofooka alibe mpata wobwereza ntchito.

Mkati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tambirimbiri toimirira ngati ubweya wa bulangeti, timene akatswiri amatitcha villi. M'chigawo choyamba cha nkhuku yokula bwino kamodzi kamatalika kupitirira milimita imodzi. Ndito timayamwa chakudya. M'munsi mwake muli timayenje totchedwa crypts, mobadwira maselo atsopano amene amakwera pang'onopang'ono mpaka kunsonga n'kuyoyoka pakatha masiku atatu kapena anayi. Villi akakhala aatali ndipo timayenje tili tosaya, ndiye kuti malo oyamwira ndi aakulu ndipo thupi silikuwononga mphamvu zambiri pokonza khungu. Villi akafupika, timayenje n'kuzama, pali chimene chikupala matumbowo, ndipo mapuloteni amene akanakhala chidale akuthera kukonza zilonda. Ofufuza akamanena kuti chomera chakuti chathandiza matumbo, kawirikawiri amakhala atayeza zinthu ziwirizi ndi makina oonera zinthu zing'onozing'ono.

Sabata yoyamba

M'masiku 7 oyamba matumbo amakula mofulumira kuposa thupi lonse. Mwanapiye amaswa ali ndi chachikasu cha m'dzira chotsalira m'mimba, ndipo anthu ena amaganiza kuti angathe kudikira tsiku lonse kapena awiri osadya. Kupulumuka amapulumuka, koma villi amachedwa kutalika, chifukwa chimene chimawadzutsa ndi chakudya chenicheni chodutsa m'matumbo. Mwanapiye amene wadya msanga amamalizanso msanga chachikasucho. Amene wachedwa amatsalira, ndipo kutsalirako mumadzakuona pa sikelo tsiku logulitsa.

Tenthetsani khola tsiku limodzi anapiye asanafike, kuti utuchi wenideni ufunde, osati mpweya wokha. Pamene anapiye akuima pakhale madigiri pafupifupi 32. Mu June ndi July mbaula imodzi pakona siikwanira, ndipo mwanapiye wopondetsa mapazi pa utuchi wozizira amaunjikana ndi anzake m'malo mokadya. Siyani kampata kotulukira utsi wa makala. Yalani mapepala pansi, mwazani starter, chakudya choyambira cha anapiye, pamwamba kuti phokoso la kujompha liitane ena, ndipo zomwera zikhale pafupi.

Kenako gwirani chithokomiro. Pakatha maola 8, anapiye 8 mwa 10 alionse akhale ndi chithokomiro chodzaza. Pakatha maola 24, pafupifupi onse, 95 mwa 100. Chikhale chofewa ngati phala lolimba. Chikakhala cholimba moti mukumva timibulu, adya koma sanamwe. Chikakhala chamadzimadzi, amwa koma sanapeze chakudya. Pa tsiku la 7 ayezeni: akhale atachulukitsa kulemera kwawo ka 4 ndi theka kapena kuyandikira pamenepo, ndiye kuti magalamu 180 mpaka 200. Akalephera apa, palibe ufa wa masamba umene ungabweze zimene zatayika.

Zimene zili m'zomerazi

Chidwi pa zomera chinakula mayiko a European Union ataletsa, kuyambira pa 1 January 2006, kuthira maantibayotiki m'chakudya cha ziweto pofuna kungozikulitsa. Sweden inali itachita kale zimenezi mu 1986. Makampani anayamba kusaka cholowa m'malo, ndipo anatembenukira ku zokometsera ndiwo.

Mu oregano ndi thyme muli carvacrol ndi thymol, zimene zimaboola khungu la mabakiteriya ena. Mu sinamoni muli cinnamaldehyde. Mu adyo muli allicin, imene imapangika pokhapokha adyoyo akaphwanyidwa, ndipo imatha msanga ikakumana ndi kutentha kapena ikakhalitsa. Mu jinja muli gingerol, mu turmeric muli curcumin, ndipo mu tsabola muli capsaicin. Nkhuku sizimva kuwawa kwa tsabola monga timamvera anthu, choncho kambuzi sazibweza pa chodyera.

Ntchito ya zinthu zimenezi ili panjira zitatu. Zina zimachepetsa mabakiteriya oipa monga Clostridium perfringens, amene amawoletsa khungu la matumbo. Zina zimalimbikitsa kutuluka kwa ndulu ndi timadzi togaya. Zina zimachepetsa kutupa kwa khungu la matumbo, ndiye maselo sayoyoka msanga ndipo villi amapeza mpata wotalika. Koma zotsatira sizifanana nthawi zonse. M'khola laukhondo, la nkhuku zodya bwino, kusiyana kumakhala kochepa, mwina osaoneka n'komwe. Mphamvu ya chomera imasinthanso malinga ndi dothi, nyengo, msinkhu wa masamba ndi kaumitsidwe kake. Adyo wa ku Ntcheu wa chaka chino ndi wa chaka chatha sangakhale ndi mphamvu yofanana ndendende.

Muyezo

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amayeza ndi dzanja. Gulani kasikelo ka magalamu.

Ufa wa adyo, wa jinja kapena wa turmeric yambani ndi magalamu 5 pa kilogalamu ya chakudya, ndiye kuti magalamu 250 pa thumba la makilogalamu 50. Musapitirire magalamu 500 pa thumba. Kupitirira apo fungo limachuluka, nkhuku zimachepetsa kudya, ndipo khungu la matumbo limene mumafuna kuteteza limayamba kupsa. Sankhani chimodzi. Mukasakaniza zinayi nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza kapena chimene chatsegula m'mimba.

Werengerani mtengo musanayambe. Nkhuku 100 zimadya makilogalamu pafupifupi 400 kufika sabata yachisanu ndi chimodzi. Pa muyezo wa magalamu 5, mukufunika makilogalamu 2 a ufa wa adyo. Adyo wamuwisi ndi madzi kuposa theka, moti kuti mupeze ufa umenewo mugula makilogalamu 5 kapena 6. Funsani mtengo wake ku msika wa Wakawaka, muyerekeze ndi phindu la nkhuku zingati. Ambiri adzapeza kuti n'kwanzeru kugwiritsa ntchito masabata atatu oyamba okha, pamene nkhuku zikudya pang'ono ndipo matumbo akukula.

Mafuta ofinyidwa ku oregano kapena thyme, ogulitsidwa m'mabotolo kapena ngati ufa wa kufakitale, ndi amphamvu kwambiri. Muyezo wake umakhala magalamu 100 mpaka 300 pa tani yonse, ndiye kuti magalamu 5 mpaka 15 okha pa thumba. Tsatirani zolembedwa pa paketi. Paketi imene sinalembe zimene zili mkati, kuchuluka kwake ndi tsiku lothera mphamvu, isiyeni pa shelefu.

Kasakanizidwe kake kakhale kapang'onopang'ono. Magalamu 250 aja asakanizeni kaye ndi makilogalamu 2 a chakudya m'beseni. Zimenezo muzithire m'makilogalamu 10, kenako m'zotsala zonse, mukutembenuza ndi fosholo pa simenti youma kosachepera katatu. Mukangokhuthula ufa pamwamba pa thumba, nkhuku khumi zidya wonse ndipo zina sizilawa. Chakudya cha timibulu chili ndi vuto lake: ufa umatsikira pansi pa chodyera, nkhuku n'kutola timibulu tokha. Kapu yaing'ono ya mafuta ophikira pa thumba imathandiza kuti ufawo umatirire, koma sakanizani zongokwana masiku atatu kapena anayi, chifukwa mafuta akakhalitsa amavunda ndipo mafuta ovunda amawononga matumbo.

Kuthira m'madzi sitikulimbikitsa kwenikweni. Madzi a adyo wosinja kapena alovera akakhala m'chomwera tsiku lonse mu October amachita ndere yoterera, ndipo nderezo ndi nyumba ya mabakiteriya. Madziwo akawawa, nkhuku zimachepetsa kumwa, pamene nkhuku imafuna madzi ochuluka pafupifupi kawiri kuposa chakudya chimene yadya, ndipo ikasiya kumwa imasiyanso kudya. Ngati mwasankhabe njirayi, perekani m'mawa kwa maola ochepa, tsukani zomwera, n'kuthira madzi oyera.

Chammwamba ndi masamba ena

Chammwamba chimasiyana ndi adyo chifukwa ndi chakudya ndithu. Masamba ake ouma ali ndi mapuloteni pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, mavitamini, ndi mtundu wachikasu umene umakometsa khungu ndi miyendo ya nkhuku. Koma alinso ndi ulusi wambiri, ma tannin ndi ma saponin, zimene zikachuluka zimamanga mapuloteni kuti asagayike. Kwa anapiye musapitirire theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa thumba. Pa grower ndi finisher, zakudya zokulitsira ndi zomalizira, mutha kufika kilogalamu imodzi ndi theka. Mukadutsa makilogalamu 2 ndi theka pa thumba, kukula kumayamba kubwerera m'mbuyo, chifukwa masamba alibe mphamvu ngati ya chimanga ndipo akudzaza malo ake.

Thyolani masamba, chotsani timitengo, yanikani pamthunzi podutsa mphepo, mowamwaza mopyapyala pa mphasa yoyera. Dzuwa lachindunji limapha mavitamini ndipo masamba amayezuka. Akauma moti akufumbutuka m'manja koma akadali obiriwira, sinjani, sefani, sungani m'chidebe chotseka. Nthawi ya dzinja masamba amachita nkhungu asanaume, choncho ufa wa chaka chonse ndi bwino kuukonza mvula itangosiya, masamba asanayoyoke.

Nimu ndi wowawa, ndipo anapiye amachepetsa kudya akamumva, ndiye sabata yoyamba asayandikire. Lukina ali ndi mimosine, poizoni wobweza kukula. Chigwada chosafota bwino chili ndi cyanide. Keke ya thonje, zotsala pofinya mafuta ku njere zake, ili ndi poizoni wotchedwa gossypol. Zonsezi ndi zomera, ndipo mawu oti "zachilengedwe" sazichotsera ululu.

Soya, madeya ndi chuku

Kwa amene amadzisakanizira chakudya, nkhani yaikulu ili pano. Soya timalima wambiri ku Lilongwe, Mchinji, Dedza ndi Kasungu, ndipo n'zokopa kungomutenga kumunda n'kupita naye kuchigayo. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zotsekereza trypsin, timadzi ta pancreas togaya mapuloteni. Pancreas imalimbikira kutulutsa tambiri mpaka imatupa. Alinso ndi ma lectin amene amamatirira pa villi n'kuwapala. Mapuloteni osagayika amatsikira kumunsi kwa matumbo, kumene Clostridium amawalandira n'kuswana. Zotsatira zake ndi zitosi zamadzi, utuchi wonyowa ndi nkhuku zosiyana misinkhu ngati sizinabwere tsiku limodzi.

Kazingani soya pamoto wapakati, mukutakasa osaleka, kwa mphindi pafupifupi 20, mpaka asanduke wofiirira pang'ono. Tafunani njere zingapo: ziphwanyike ngati mtedza wokazinga, fungo la nyemba yaiwisi litatha. Akada kwambiri mwapha lysine, chimodzi mwa zomangira nyama, ndipo nkhuku zidya koma osanenepa. Njira ina ndi kumuwiritsa mphindi 30 madzi atabwata, n'kumuyanika mpaka aume gwa. Nandolo ndi khobwe nazonso zisalowe zaziwisi.

Madeya ndi msampha wina. Chakudya chikadula, anthu amasungunula cha kufakitale ndi madeya kuti chichuluke. Tiyeni tiwerengere. Starter ya mapuloteni 22 pa 100, thumba limodzi, mukaithira makilogalamu 10 a madeya a mapuloteni pafupifupi 10 pa 100, mwatsikira pa 20. Mukathira makilogalamu 25, mwafika pa 18. Komanso chakudya chambiri cha kufakitale chimakhala ndi mankhwala oteteza ku matenda a m'matumbo otchedwa coccidiosis, oyezedwa molingana ndi thumbalo. Mukachisungunula mwasungunulanso chitetezocho, pamodzi ndi mavitamini ndi mchere wake.

Chuku ndicho choopsa kuposa zonse chifukwa nthawi zina sichioneka. Chimanga chokololedwa chisanaume, chobooledwa ndi nankafumbwe, madeya ofunda osungidwa m'thumba atangochoka kuchigayo, mtedza wosankhidwa wotsala, zonsezi zimamera nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, imene imatulutsa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, amachepetsa ndulu ndi timadzi togaya, ndipo amafooketsa chitetezo moti katemera sagwira bwino. Kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Chimanga chimene mwakana kudya pakhomo panu musapatse anapiye. Matumba akhale pa mathabwa, osagunda khoma, ndipo madeya muwayanike tsiku lomwelo.

Pali chinthu chimodzi chotsika mtengo chimene chimathandiza matumbo moonekeratu: kagayidwe. Chimanga chogayidwa ngati ufa woyera chimangodutsa mu nthutumba osaipatsa ntchito, nthutumbayo n'kukhala yaing'ono ndi yofewa. Chogayidwa mokhakhala, cha timisere, chimaikulitsa. Nthutumba yamphamvu imasunga chakudya nthawi yotalikirapo mu asidi, mabakiteriya ambiri amafera momwemo, ndipo chakudya chimalowa m'matumbo pang'onopang'ono chitaperedwa bwino. Uzani wa pachigayo aike sefa ya mabowo aakulu, makamaka pa grower ndi finisher. Ulusi wolimba pang'ono, monga wa mu keke ya mpendadzuwa, umagwiranso ntchito yomweyo ukakhala wochepa.

Kuwerenga zitosi ndi kutsegula nkhuku

Chitosi chabwino ndi choumbika, chotuwa mofiirira, chokhala ndi kachipewa koyera pamwamba. Mwa apo ndi apo mumaona china chofewa, chabulauni, chonunkha kwambiri. Chimenecho chachokera mu caeca ndipo si matenda. Chodetsa nkhawa ndi chitosi chokhala ndi timisere ta chimanga tosagayika, cha thovu, kapena chokhala ndi zoterera zofiira ngati karoti, zimene ndi khungu la matumbo losupuka. Yalani pepala loyera pansi pa chodyera kwa ola limodzi m'mawa, muone bwino. Fumbatani utuchi: ukagwirana n'kukhala chibumi, wanyowa kwambiri.

Magazi m'zitosi, makamaka pakati pa sabata yachitatu ndi yachisanu, nthawi zambiri ndi coccidiosis, yoyambitsidwa ndi tizilombo ta Eimeria. Mazira ake amakhwima m'utuchi wofunda ndi wonyowa pa tsiku limodzi kapena awiri, n'chifukwa chake matendawa amavuta kuyambira December mpaka March ndiponso pozungulira zomwera zodontha. Zikafika apa adyo sangathandize. Pitani kwa alangizi a ziweto, mupereke mankhwala monga amprolium pa muyezo wake, ndipo musunge masiku olembedwa pa paketi musanagulitse nkhukuzo. Kuchedwa masiku awiri mukuyesa masamba kumapereka mpata kwa Clostridium kulowa pa zilonda zimene Eimeria wasiya, ndipo imfa zimachuluka mwadzidzidzi.

Nkhuku ikafa, kapena mukapha imodzi pa sabata yachitatu, itseguleni nthawi yomweyo, chifukwa matumbo amawonongeka msanga. Tambasulani matumbo pa thebulo loyera, muwang'ambe m'litali ndi sizasi. Athanzi ndi ochindikala, ndipo mukawang'amba m'mbali mwake mumapindikira kunja mokha. Mkati ndi motuwa mofiirira, mosalala ngati veleveti, ndipo kachidutswa mukakaviika m'madzi oyera mumaona ubweya uja ukuyandama. Odwala ndi opyapyala, otupa ndi mpweya, ong'ambika msanga, ogona pansi osapindika. Timizere toyera m'chigawo choyamba ndi Eimeria acervulina. Caeca yodzaza magazi ndi Eimeria tenella. Khungu lokhakhala lachikasu ngati thaulo lakale ndi ntchito ya Clostridium. Onaninso pancreas ngati yakula mopitirira, ndi chiwindi ngati chayezuka n'kukhala chachikasu chophwanyika msanga. Zikakusokonezani, nkhuku yongofa kumene kapena yodwala mutha kupita nayo ku Central Veterinary Laboratory konkuno ku Lilongwe.

Yesani m'khola lanu

Njira yodziwira ngati ufa wakutiwakuti ukubweza ndalama zanu ndi kugawa anapiye. Mwa 100, dulani khola pakati ndi waya, 50 uku 50 uko, osasankha akuluakulu mbali imodzi. Chakudya, madzi, kutentha ndi katemera zikhale zofanana, kusiyana kukhale ufa wokhawo. Lembani makilogalamu a chakudya cholowa mbali iliyonse, imfa, ndi kulemera kwa nkhuku tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse. Pamapeto gawani chakudya chodyedwa ndi kulemera kwa nkhuku zonse. Mwachitsanzo, makilogalamu 190 a chakudya pa makilogalamu 110 a nkhuku ndi 1.73. Nambalayi ikatsika ndiye kuti matumbo akugwira bwino. Ulendo umodzi sukwanira, chifukwa mbali ina ikhoza kukhala ya kukhomo kolowera mphepo. Bwerezani kawiri kapena katatu mukusinthanitsa mbali.

Tsiku la katemera wa chitopa kapena Gumboro, zomwera zikhale zopanda chilichonse: adyo ayi, alovera ayi, klorini ayi, sopo wotsalira ayi. Katemera wothira m'madzi ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, ndipo zinthu zimenezi zingaphe kachilomboko nkhuku zisanamwe. Siyani zothira m'madzi tsiku limodzi katemera asanafike ndi tsiku limodzi pambuyo pake. Ngati madzi ndi a pampopi, atungeni dzulo lake agone m'ndowa yosavundikira kuti klorini achoke, ndipo muthiremo magalamu 2 a mkaka waufa wopanda mafuta pa lita iliyonse musanasungunule katemerayo. Chotsani zomwera ola limodzi kapena awiri kuti nkhuku zimve ludzu, perekani m'mawa kusanatenthe, ndipo madziwo athe pasanadutse maola awiri.